Mapointi, katofu ndi loni: njira ya mwana wa kum'mawa yopita ku yunivesite

Chaka chikamayamba, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikangolengezedwa ku Lusaka, mafoni m'Chipata sapuma. Mwana amatumiza nambala yake ya mayeso ku 8383, uthenga n'kubwera, ndipo dzuwa lisanapendeke funso lafika kale kuchokera kwa amalume ku Katete ndi azakhali ku Chawama: "Wapeza mapointi angati?" Akati 8, nthungululu pabwalo. Akati 26, akuluakulu amangoti "wayesetsa mwanawe," n'kuyamba kukamba za feteleza. Ndaphunzitsa ku sekondale kuno kum'mawa kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya ntchito yanga yakhala yolangiza ana za maphunziro a kutsogolo. Ndaonapo mwana wa mapointi 9 atakhala zaka zitatu m'kabuthu ka Airtel Money pa Kapata, mnzake wa mapointi 16 atavala gauni la digiri. Onse anakhoza. Chimene chinawasiyanitsa ndi zinthu zimene palibe anawafotokozera, ndipo zambiri mwa izo zinachitika komiti yosankha ophunzira isanakhale n'komwe pansi.

Makolo ambiri amamva mapointi ngati mtengo wa thumba la chimanga ku FRA, bungwe la boma logula chimanga, woikidwiratu ndi boma. Bungwe la mayeso la ECZ limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 ndi 4 ndi meriti, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi amene timafunsana m'makomo amapezeka tikaphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa. N'chifukwa chake wa mapointi 6 ndiye katakwe, wakhoza paliponse ndi giredi 1. Kuti yunivesite ingoyang'ana fomu yako pamafunika makirediti asanu, Chingerezi chili momwemo, ndipo maphunziro ambiri amafunanso masamu. Makirediti asanuwo amangokulola kuima pamzere.

Mzerewo ndi umene umabala katofu. Tiyerekeze kuti phunziro lina lili ndi malo 100, koma ofunsira oyenerera alipo 900. Akalaliki amawandandalika kuyambira wa mapointi ochepa kupita m'munsi, n'kuwerenga mpaka wa nambala 100. Mapointi a munthu ameneyo ndiye katofu ya chaka chimenecho. Chaka chamawa akafunsira ambiri okhoza bwino, katofu imalimba, pamene malo akaonjezedwa imafewa. Choncho amene amauza mwana kuti "ku zamalamulo amafuna mapointi akutiakuti" akunena za dzana. Komanso yunivesite siwerenga maphunziro alionse amene mwana wakhoza. Wofuna uinjiniya kapena udokotala amamuyang'ana pa masamu ndi sayansi, ndipo giredi 1 yake ya Chinyanja kapena ya maphunziro a zachipembedzo singamuombole ngati masamu anapeza 7.

Apa ndi pamene nkhani imabwerera m'mbuyo zaka zitatu, tsiku limene mwana anafika mu Giredi 10 n'kuuzidwa kalasi yake. Pa sukulu imene ili ndi labotale yeniyeni ndi aphunzitsi a fizikisi ndi kemisitile, pamakhala kalasi ya sayansi zoima pazokha. Pa sukulu yoyendera imene inangokwezedwa kuchoka ku pulayimale, ana onse amaphunzira sayansi yophatikiza, nthawi zina kwa mphunzitsi amene anaphunzira zina, ndipo asidi amamuona pa bolodi atajambulidwa ndi choko. Mwana wa zaka 15 sadziwa kuti tsiku limenelo khomo la udokotala lamutsegukira kapena layamba kutsekeka. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Kuno tili ndi masukulu a mbiri monga Chizongwe, St. Monica's, Chassa ndi Katete Girls, ndipo ana awo amalimbana ndi a ku Hillcrest ku Livingstone kapena David Kaunda ku Lusaka popanda mantha. Koma amenewo ndi ochepa m'chigawo cha anthu oposa 2.4 miliyoni, chotambalala kuchoka ku Nyimba kukafika ku Chama. Mapointi amayesa mwana, inde, komanso amayesa sukulu imene anapitako, mtunda umene ankayenda, ndi nyale imene ankawerengera usiku. Ofesi yosankha ikangoona nambala yokha, imakhala ikupatsa mwana mphoto kapena chilango cha zinthu zimene sanasankhe.

Dziko lino linayamba ndi njala ya anthu ophunzira. Pa ufulu mu 1964, a Zambia amene anali ndi digiri anangopitirira pang'ono 100. University of Zambia, UNZA mwachidule, inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba anasonkha kuti imangidwe, ena ndalama, ena mbuzi ndi nkhuku. Copperbelt University inabwera mu 1987 ku Kitwe, Mulungushi mu 2008 ku Kabwe. Kenako makoleji ena anakwezedwa: Kwame Nkrumah ku Kabwe komweko, Mukuba ku Kitwe, Chalimbana ku Chongwe, ndipo kunabweranso Levy Mwanawasa ya zachipatala ku Lusaka ndi Kapasa Makasa ku Chinsali. Mukaika mayina amenewa pa mapu muona kuti ambiri atsata njanji. Kuno kum'mawa tili ndi koleji ya aphunzitsi ku Chipata, ya ntchito zamanja ku Chipata ndi ku Ukwimi, masukulu a unamwino ku Chipata Central, ku St. Francis ku Katete ndi ku Mwami. Ndi malo abwino ndithu, ndipo atulutsa anthu amene akuyendetsa zipatala ndi masukulu athu. Koma wofuna digiri ya uinjiniya, ya migodi kapena ya zamalamulo pa yunivesite ya boma ayenera kuoloka mlatho wa Luangwa, ulendo wa makilomita pafupifupi 570 kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka, ndipo wa ku Lundazi kapena Chama amayamba kaye ulendo wina wautali asanafike ku Chipata komweko. Mwana wa ku Kaunda Square mu Lusaka akhoza kumagona kwawo n'kumakwera minibasi m'mawa. Wathu ayenera kupeza pogona, chakudya ndi thiransipoti asanatsegule buku.

Nanga amasankha ndani? Ambiri amaganiza kuti ndi nduna, kapena a MP angaimbe foni. Malamulo a kasankhidwe amakhazikitsidwa ndi seneti ya yunivesite, bwalo la aphunzitsi akuluakulu lotsogozedwa ndi a vayisi chansela. Sukulu iliyonse mkati mwa yunivesite, kudzera mwa adini ake, imanena malo amene ingakwanitse malinga ndi zipinda, malabotale ndi aphunzitsi. Ofesi ya a rejisitara ndiyo imalandira mafomu ndi kutulutsa mndandanda. Pamwamba pa zonse pali Higher Education Authority, yobadwa ndi lamulo la 2013, imene imalembetsa mayunivesite ndi kuvomereza maphunziro awo, koma siyisankha mwana aliyense. Utsogoleri pa nkhaniyi uli m'manja mwa anthu ochepa amene mayina awo sadziwika kumudzi, ndipo zimene amagamula zimaoneka zazing'ono: tsiku lotsekera mafomu, ndalama ya fomu, maphunziro owerengedwa, malo osungidwira gulu lina. Chilichonse mwa zimenezi chimalowetsa ana ena n'kusiya ena.

Chigamulo chodziwika kwambiri ndi cha atsikana. UNZA yakhala ikusungira atsikana malo 30 pa 100 alionse, ndipo 70 otsalawo amalimbirana anyamata ndi atsikana pamodzi. Zotsatira zake n'zakuti pa phunziro limodzi pamatuluka makatofu awiri, ya atsikana yofewerapo. Uganda inachita mwa njira yake: kuyambira mu 1990 yunivesite ya Makerere inayamba kuonjezera mapointi 1.5 kwa mtsikana aliyense wofunsira malo, poti kumeneko wa mapointi ambiri ndiye wakhoza. Chifukwa chake sichovuta kwa aliyense amene anakulira kumudzi. Mtsikana amene wafika Giredi 12 ku Vubwi wapulumuka kutunga madzi m'bandakucha, kulera ang'ono ake, lendi ya kanyumba pafupi ndi sukulu kumene amadziphikira yekha, ndiponso amuna obwera ndi ndalama za fodya pa nthawi yokolola. Lamulo la 1997 lololeza mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu linathandiza, ndipo mafumu monga Inkosi Madzimawe akhala akulimbana ndi maukwati a ana, koma wobwererayo amakhala atataya chaka ndipo usiku amayamwitsa. Mapointi 12 a mtsikana wotere ine ndimawalemekeza kuposa 8 a mwana amene anali ndi mphunzitsi wapadera wa masamu Loweruka lililonse.

Komabe ndinene chimene anzanga ena sakonda kumva. Malo osungidwira atsikana safunsa kuti mtsikanayo ndi wa kuti. Amene amawatenga msanga ndi ana a m'tauni ndi a masukulu a mishoni, amene mwina akanalowabe popanda thandizo. Ndipo kuno kum'mawa kuli mnyamata amene palibe amamuwerengera: woweta ng'ombe. M'madera a Katete, Chadiza ndi Petauke si zachilendo mnyamata kuweta ng'ombe za munthu zaka zingapo kuti pamapeto apatsidwe ng'ombe yake. Amayamba sukulu mochedwa, ndevu zikumera ali mu Giredi 5, anzake n'kumamuseka mpaka kusiya. Amene wapirira n'kufika Giredi 12 amakalimbana pa 70 paja ndi mwana wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera mu Lusaka, popanda womuikira kumbuyo.

N'chifukwa chake palinso njira yoganizira ana a masukulu a kumidzi, ku UNZA komanso ku bungwe la maloni, ndiponso ana olumala, monga amene amachokera ku masukulu a osaona ndi osamva ku Magwero. Ganizoli ndi labwino, koma limagwa pa funso limodzi lovuta: sukulu ya kumudzi ndi iti? Masukulu ena okhoza bwino kwambiri m'dziko muno ali pakati pa minda, kutali ndi tauni, ndipo m'mahositelo mwake muli ana ochokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene makolo awo anamva mbiri. Pamene sukulu yoyendera ya m'komboni mwa Chipata, yodzaza mpaka ana kukhala pansi, imawerengedwa ya m'tauni. Mtsogoleri waulesi amatenga mapu n'kujambula mzere. Wakhama amayang'ana mmene sukulu iliyonse yakhala ikukhozera kwa zaka zingapo, aphunzitsi amene ili nawo, ndi ngati inatumizapo mwana ku yunivesite.

Achibale athu tsidya la Mwami anayesa njira ina, ndipo ndi bwino kuidziwa chifukwa kuno nthawi zina amaitchula ngati mankhwala. Ku Malawi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma la Kamuzu Banda linayamba kugawa malo a ku yunivesite potengera boma limene mwana amachokera, monga Mchinji, Rumphi kapena Nsanje. Khoti linaithetsa mu 1993. Inabwereranso mu 2009 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, boma lililonse litatsimikiziridwa malo khumi, ndipo inathetsedwanso mu 2020. Anthu a kumpoto, kumene mishoni ya Livingstonia inadzala masukulu kalekale, ankati kota, kagawidwe ka malo kameneka, ikulanga ana awo chifukwa chokhoza. Oikonda ankati popanda iyo maboma ena sangaone digiri. Onse anali ndi mfundo, koma vuto la kota yotere n'lakuti imafunsa kwawo kwa munthu, osati kumene anaphunzira. Mwana wa bwana wokulira mu Lilongwe amangolemba mudzi wa agogo ake n'kutenga malo a mwana amene akukhaladi m'mudzimo. Ndipo nkhani ikangofika pa "kwanu n'kuti," imasanduka ya mitundu ndi ndale. M'dziko lathu la mitundu 73, limene Kenneth Kaunda analimanga pa mawu akuti Zambia imodzi, mtundu umodzi, sindikufuna tsiku limene fomu ya ku yunivesite idzafunse ngati ndiwe Mchewa, Mngoni, Mnsenga kapena Mtumbuka.

Njira imene imandigwira mtima ndi ya ku Texas, ku America. Mu 1997 anakhazikitsa lamulo lakuti mwana amene ali m'gulu la khumi oyambirira pa ana 100 alionse a sukulu yake apatsidwe malo pa yunivesite ya boma. Mwana amayerekezedwa ndi anzake amene anadya nawo mavuto amodzimodzi. Kumeneko nkhani ya khungu ndiyo yovuta, ndipo mu 2023 khoti lawo lalikulu linaletsa mayunivesite monga Harvard kuganizira mtundu wa munthu posankha, koma kuyang'ana sukulu imene mwana wachokera sikunaletsedwe. Kuno sitingatengere zonse, malo ndi ochepa. Koma tangoganizani yunivesite ya boma itanena kuti mwana woyamba pa sekondale iliyonse ya ku Chasefu, Lumezi ndi Lusangazi, bola ali ndi makirediti ofunika, malo ake alipo. Kalasi yonse ya Giredi 10 ingawerenge mosiyana.

Zonsezi zikunena za ana amene afunsira malo. Ambiri safika n'komwe pamenepo, ndipo ili ndilo dzenje lalikulu. Mafomu masiku ano ndi a pa intaneti. Pamafunika foni yabwino kapena kompyuta, mabando, adiresi ya imelo, reji, pepala la zotsatira lojambulidwa bwino, ndi ndalama ya fomu yolipiridwa ku banki kapena pa foni. Wa m'tauni amachita zimenezi madzulo amodzi mothandizidwa ndi mkulu wake amene ali kale pa yunivesite. Wa ku Mwanjawanthu amakwera njinga kupita ku Petauke, n'kupeza magetsi azima, n'kugona kwa achibale, mawa n'kulipira mnyamata wa pa kafe ya intaneti amene amamusankhira phunziro mongoganiza. Ndaona mafomu amene mwana wa mapointi 14 analemba udokotala pa zosankha zake zonse, chifukwa ndi ntchito yokhayo imene anaimvapo kupatula uphunzitsi, unamwino ndi upolisi. Za ulimi wamakono, za nthaka, za ziweto, za kuwerengera ndalama, zimene akanalowa mosavuta, palibe anamuuza. Safunsa anadya phula, koma mwanayu akanafunsa yani?

Ku mayunivesite omwe si a boma nkhani ya kufunafuna ophunzira amaidziwa bwino, chifukwa mwana aliyense ndi fizi. Mudzawamva pa Breeze FM ndi Radio Maria, mudzaona nsalu zawo zitapachikidwa m'misika, ena amafika pa sukulu ndi galimoto ndi timapepala tonyezimira. Sindikuwanyoza, ena amaphunzitsa bwino ndipo atsegula makomo amene boma linalephera. Chofunika n'chakuti kholo lisanagulitse ng'ombe lionetsetse kuti yunivesiteyo ndi phunzirolo zili pa mndandanda wa Higher Education Authority, ndipo ngati ndi za chipatala, kuti bungwe loona za ntchitoyo limazivomereza. Mayunivesite a boma ndi amene amakhala phee, chifukwa mafomu amabwera okha mpaka kusefukira. Koma ofesi imene imangodikira mafomu yasankha kale, yasankha ana amene ali ndi wowauza. Kutuma mphunzitsi mmodzi ndi ophunzira awiri ochokera kuno kuti azungulire masekondale a ku Chadiza ndi Vubwi kamodzi pachaka, atanyamula makatofu a chaka chatha a phunziro lililonse, n'kulankhula ndi a Giredi 9 osati a Giredi 12 okha, sikungadye ndalama zoposa za msonkhano umodzi wa akuluakulu ku mahotela a ku Siavonga.

Ndiye pali kalata ya malo, ndi chimene chimatsatira. Chaka china kunabwera bambo wina pa sukulu imene ndinkaphunzitsa, malume wa mtsikana amene anali woyamba m'kalasi mwathu. Paja kwa ife Achewa mwini mbumba ndiye amasenza zotere. Anatulutsa kalata m'thumba la pulasitiki, yopindidwa kanayi.

"Aphunzitsi, mphwangayu akuti amutenga ku Lusaka. Koma apa alemba ndalama. Nanga boma lija lili kuti?"

"Bambo, kodi fomu ya loni munalemba?"

"Fomu inanso? Ife timayesa kalatayi ndiyo zonse."

Tsiku lotsekera linali litadutsa sabata ziwiri. Ndinadziimba mlandu ndekha, chifukwa ndinamuthandiza pa fomu yoyamba n'kuiwala kuti wabwerera kumudzi kumene netiweki imagwira pa chulu chimodzi chokha. Anadikira chaka chathunthu akulima mtedza, ndipo mwamwayi malume akewo anakana amuna awiri amene anabwera kudzafunsira.

Malo ndi ndalama ndi makomo awiri osiyana, a maofesi awiri osiyana. Kale kunali komiti ya mabasale, imene ophunzira mpaka lero amaitchula kuti BC, ndipo m'zaka zoyambirira boma linkalipira zonse. Kuyambira mu 2004 thandizolo linayamba kuwerengedwa ngati ngongole, ngakhale kuti kwa zaka zambiri palibe ankabweza. Lamulo la 2016 linakhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB mwachidule, ndipo mu 2018 anayamba kudula pa malipiro a amene anapindula kuyambira 2004. Kwa zaka zambiri loni sinkaperekedwa mofanana, ena ankalipiridwa zonse, ena 75 pa 100, ena theka, ena kotala. Kuti ufunsire uyenera kukhala ndi kalata ya malo kaye, reji yobiriwira, ndipo ukhale utamaliza Giredi 12 zaka zochepa zapitazo, kotero wochedwa zaka zambiri akusakasaka ndalama amapezeka kuti nthawi yamuthera. Loniyi yakhala ya ophunzira a mayunivesite a boma, ndipo ofunsira amachuluka kuposa ndalama chaka chilichonse. Ndalama ya chakudya inachotsedwa mu 2019, n'kubwezeretsedwa mu 2023. Kwa mwana wa ku Lusaka zaka zinayi zimenezo zinali zosowetsa mtendere chabe. Kwa wathu, wopanda azakhali pafupi, zinali nkhani ya kugona ndi njala.

Makolo ambiri amasokonezanso loni ndi CDF. N'zoona kuti ndalama ya chitukuko cha konsitichuwense inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mkati mwake muli mabasale. Koma mabasale amenewo ndi a ana a sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja, monga ukalipentala, zamagetsi ndi umakaniko. Wopita kukachita digiri asadalire khansala. Ndipo pali nkhani ya kalendala imene a ku Lusaka saiona. Mlimi wa kuno amagwira ndalama akagulitsa soya, mtedza, thonje kapena chimanga, ndipo wogulitsa ku FRA nthawi zina amadikira miyezi. Ngati yunivesite ikufuna gawo la fizi mwana asanalembetse, pamene mayina a loni sanatuluke ndipo chimanga sichinalipiridwe, malo aja amapita kwa wodzilipirira. Kugwirizanitsa masiku a maofesi awiriwa, kapena kulola wodikira loni kuyamba kuphunzira, ndi chigamulo cha tebulo limodzi.

Wolowa naye sanafike. Kwa zaka zambiri ku UNZA wofuna udokotala, uinjiniya kapena migodi ankayamba chaka choyamba mu sukulu ya sayansi imene ophunzira amangoti NS, ndipo kumapeto kwa chaka mapointi a kumeneko ndiwo ankagamula kumene apite. Kumeneko kusiyana kwa masekondale kumaonekera poyera. Wina anagwirapo kale zipangizo za mu labotale, wina akuziona koyamba. Wina Chingerezi ndi cha pa nsima kwawo, wina amachimva koma akuopa kukweza dzanja m'holo ya anthu mazana. Malo a m'hositelo ndi ochepa, ambiri amasikwata kwa anzawo kapena kuchita lendi ku Kalingalinga, anayi m'kachipinda kamodzi. Yunivesite imene imanyadira kuti yatenga ana a kumidzi koma siwerenga kuti angati afika chaka chachiwiri ikudzinamiza. Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadalamula kuti chaka chilichonse yunivesite iliyonse ya boma isindikize, boma ndi boma, ana amene anafunsira, amene anatengedwa, amene anafikadi kudzalembetsa, ndi amene anamaliza. Manambala anayi amenewo a Vubwi okha angatiuze pamene mtsuko ukudontha, ndipo a DEBS, oyang'anira maphunziro m'boma lililonse, ndi mahedi angadziwe poyambira.

Mu Januwale 2022 boma linachotsa fizi kuyambira ku mkaka mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ana amene anali pakhomo anabwerera, makalasi anadzaza mpaka pakhomo. Walira mvula walira matope. Gulu limenelo likubwera, ndipo lidzafika pa khomo la yunivesite limene silinakule mofanana. Katofu idzalimba, ndipo ikalimba oyamba kugwa ndi a masukulu opanda labotale.

Pamwamba pa izo, maphunziro enieniwo akusintha. Mu 2025 kunayamba Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8, ndipo dongosolo latsopano ndi la zaka zisanu ndi chimodzi ku pulayimale, zinayi kuyambira Fomu 1 mpaka 4, kenako ziwiri za Fomu 5 ndi 6. Ana amene anayamba Fomu 1 chaka chimenecho adzafika Fomu 4 mu 2028. Kusankha njira ya maphunziro tsopano kukuchitika mwana ali wamng'ono kuposa kale, ndipo padzakhala sefa ina yatsopano pakati pa Fomu 4 ndi Fomu 5. Sekondale iliyonse singathe kukhala ndi Fomu 5 ya fizikisi ndi masamu apamwamba, chifukwa aphunzitsi ake ndi owerengeka. Zikadzangoikidwa m'Chipata ndi m'masukulu a mbiri aja, mwana wa ku Chikomeni adzafunika kusamuka kwawo zaka ziwiri asanaganize n'komwe za mlatho wa Luangwa, ndipo basale ya CDF ya sukulu yogonera ndiyo idzakhale tikiti yake.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi mwezi watha ndinafunsa kholo lililonse la mwana wa Fomu 1 ngati likudziwa njira ya maphunziro imene mwana wake waikidwamo. Anakweza manja ndi ochepa. Mayi wina kumbuyo anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mutilembere pa pepala m'Chinyanja, tikawaonetse amalume ake." Ahedi avomera, ndipo mapepalawo tikugawa Lachisanu pamodzi ndi malipoti a teremu.